Katundu wa Kumudzi, Tikiti ya ku Thailand

Pakati pa Amalawi a ku London pali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma aliyense amalidziwa. Munthu ukatenga tchuthi n'kukwera ndege, ndiye kuti ukupita kumudzi basi. Ungapitenso kuti? Ndipo ukamapita kumudziko, sutikesi si yako wekha, theka lake ndi la mpingo.

Chiyamiko ankalidziwa bwino lamuloli, pakuti iyenso anatumizapo nsapato za mayi ake ku Chikwawa m'masutikesi a eni. Koma chaka chimenechi mutu wake unali utasokonezedwa ndi Jennifer, namwino mnzake wa ku Lusaka amene ankagwira naye ntchito pawodi imodzi ku Lewisham. Jennifer anali atapitako ku Thailand, osati kumagombe kumene azungu amakawotcha misana, koma kuchigawo china chakumalire chotchedwa Nakhon Phanom, m'mbali mwa mtsinje wa Mekong.

"Iwe, kuja kuli zii," anatero Jennifer tsiku lina akumwa tiyi. "Kulibe vochita. Uuka, uyangana manzi, udya nsomba, ugona futi. Ku side ina ni Laos, uona chabe mapiri. Palibe wamene azakutuma."

Chiyamiko anali atatopa kutopa kwenikweni, kuja kumene tulo ta tsiku limodzi sitichotsa. Anagula tikiti ali chiimire pa nthawi yopuma, asanasinthe maganizo.

Vuto linayambira kutchalitchi ku Tottenham. Mapemphero atatha, iye anapita kwa Mayi Esnat kukawauza kuti asamuike pa gulu lophika tiyi mwezi wamawa chifukwa akhala pa tchuthi, akukwera ndege. Mayi Esnat anali a ku Dedza, ankasamalira okalamba kunyumba ina ku Ilford, ndipo anali mkulu wa amayi mumpingomo, udindo umene ankaugwira ndi manja awiri. Ndi iwo amene anakamuchingamira Chiyamiko pabwalo la ndege tsiku limene anafika m'dziko lino akunjenjemera ndi kajuzi kopyapyala. Anamuveka jekete lawo, n'kumugoneka pa sofa pawo mpaka atapeza chipinda. Chiyamiko ankawatchula kuti amayi, ndipo sankangotchula pakamwa chabe.

Mayi Esnat sanafunse kuti ndegeyo ikulowera kuti. Anangoomba m'manja kuti anthu akhale chete.

"Abale, mwana wathu Chiya akupita kumudzi! Amene muli ndi timaphukusi, musachedwe."

Apa m'pamene Chiyamiko akanayankhula. Koma anthu anali atayamba kale kumugwira chanza, ena akumupatsa moni woti akapereke kwa azakhali awo ku Ndirande, ndipo iye anangomwetulira ngati munthu amene waponda moto pamaso pa apongozi. Anadziuza kuti akonza nkhaniyi mawa. Mawa lakelo silinafike.

Katundu ndiye anafika. Bambo Evance anabwera ndi ketulo yamagetsi ndi mafoni akale okulungidwa m'masokosi. Victor, mnyamata woimba gitala kutchalitchi, anabweretsa nsapato za mpira zoti akapatse mng'ono wake, akulumbira kuti n'zopepuka ngati pepala. Panali mabotolo a mafuta odzola, mabulangete, mankhwala opaka m'mawondo. Aliyense ankanena mawu omwewo pakhomo: "Ndi kakang'ono chabe, sikalemera." Timaphukusi tosalemerato tinadzaza kanjira ka m'nyumba mwake mpaka ankapita kubafa cham'mbali ngati nkhanu.

Kenaka kunabwera Cynthia, mtsikana wofatsa wa m'kwaya, atanyamula thumba lalitali loyera m'manja ngati khanda. Munali diresi laukwati la mng'ono wake, amene ankamanga banja ku Area 25 kumapeto kwa mwezi wa ulendo womwewo.

"Achemwali, ili lokha musaliike pansi pa ndege. Mukwere nalo," anatero Cynthia.

Atatseka chitseko, Chiyamiko anakhala pansi pakati pa mabulangete a eni. Ketulo ikhoza kudikira, koma mkwatibwi sangalowe m'tchalitchi ndi chitenje chifukwa cha iye. Anafika poganiza zongosintha tikiti, apite ku Malawi komweko nkhani ithe. Ataganiza zimenezo misozi inalengeza, ndipo anazindikira kuti mtsinje umene sanauonepo uja ankaufunadi.

"Bauze chabe," anatero Jennifer m'mawa mwake. "Bazakudya?"

"Iwe sukuwadziwa Mayi Esnat."

Loweruka anakwera sitima kupita ku Ilford, diresi lili paphewa, zikwama ziwiri zikumukoka manja. Mayi Esnat anamulandira ndi chimwemwe, n'kumutsirira tiyi, koma maso awo anali pa katunduyo.

"Nanga izi? Excess baggage?"

"Amayi, ine sindikupita kumudzi. Ndikupita ku Thailand."

Mayi Esnat anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ku Thailand kuli ndani?"

"Kulibe aliyense, amayi."

"Kuli maliro?"

"Ayi."

"Ukwati? Training ya kuntchito?"

"Ayi, amayi. Ndikungofuna kukaona mtsinje."

"Mtsinje!" Mayi Esnat anayang'ana kudenga ngati akuitana mboni. "Mwana wa ku Chikwawa kuwoloka nyanja kukaona mtsinje! Shire wauma kodi?"

Chiyamiko anafuna kuseka, koma nkhope ya mayiwo sinali yoseketsa. Anafotokoza mmene akanathera, kuti kumudzi amakukonda, koma akafika kumeneko sakhala pansi. Amayenda khomo ndi khomo kupereka maphukusi, kupepesa maliro amene anachitika iye kulibe, kumva madandaulo a aliyense, ndipo amabwerera ku London atatopa kuposa mmene anachokera.

"Tonse timatopa," anatero Mayi Esnat. "Ine zaka zonsezi sindinakwerepo ndege yopita kumene kulibe wanga. Ndiye kuti ndine chitsiru? Ndipo wandichititsa manyazi, Chiya. Ndinaima pamaso pa mpingo."

Anatenga diresi lija n'kulipachika kuseri kwa chitseko, nati apeza munthu wina wopita, pakuti anthu okumbukira kwawo akadalipo. Chiyamiko atatsanzika, iwo anangoti, "Uyende bwino," ali chikhalire. Sanamuperekeze ngakhale kufika pakhomo, iwo amene nthawi zonse ankamufikitsa pa siteji ya basi nkhani zili m'kamwa. Zimenezi zinamupweteka Chiyamiko kuposa mawu onse aja.

Anapitabe. Nakhon Phanom anaipeza mmene Jennifer ananenera, mwinanso kuposa. Tauni yake inali yaing'ono, yaulesi wokoma, yotambalala m'mbali mwa mtsinje waukulu wamadzi ofiirira. Kutsidya kunali mapiri a ku Laos, osongoka ngati mano a macheka. M'mawa amonke achibuda ovala nsalu zachikasu ankadutsa opanda nsapato, anthu atagwada m'mbali mwa msewu kuwaikira mpunga m'mbale. Iye anabwereka njinga kunyumba ya alendo, ndipo atagwa nayo kamodzi pamaso pa agogo ena ogulitsa zipatso, miyendo inakumbukira za kusukulu. Anadya nsomba yowotcha yokutidwa ndi mchere, ndi mpunga womata umene amautapa ndi zala m'kadengu kakang'ono. Analawanso papaya wosapsa wosinjidwa ndi tsabola, poganiza kuti munthu wokulira pa kambuzi saopa kanthu, ndipo analira misozi mayi wogulitsayo akuseka mpaka kugwira tebulo.

Anthu ankamuyang'ana, inde, chifukwa munthu wakuda kumeneko ndi wosowa, koma ankangomwetulira, kuphatikiza manja pachifuwa, n'kupitiriza zawo. Palibe anamufunsa kuti wabweretsa chiyani.

Komabe mtima sunakhazikike. Pa gulu la amayi la pafoni panali zii pa nkhani yake. Anaona kuti diresi linapita ndi m'bale wina wa ku Luton, Cynthia n'kuthokoza Mayi Esnat ndi timitima tambirimbiri. Chiyamiko anatumizira mayiwo chithunzi cha mtsinje. Iwo anachiona, osayankha. Chiyamiko ankakhala pabenchi m'mbali mwa madzi n'kumadzifunsa ngati mpumulo umenewu unali woyenera kutayira munthu amene anamuveka jekete.

Tsiku lina masana dzuwa litapepuka, ali pabenchi pomwepo, foni inalira. Anali Mayi Esnat, pa vidiyo. Anali atavala yunifolomu yawo yabuluu, atakhala m'kachipinda kopumira kuntchito, kumbuyo kwawo kukuoneka zenera lonyowa ndi mvula ya m'mawa ya ku Ilford.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Ine ndimafuna ndipepese kuti..."

"Ndili pa break, nthawi ndilibe," anamudula. "Tandionetsa mtsinje wakowo."

Chiyamiko anatembenuza foni. "Uko ndi ku Laos, amayi. Ndiye chakumtunda uko kuli mlatho, ndipo m'mawa dzuwa limatulukira..."

"Takhala chete, iwe."

Madzi ankangoyenda mwakachetechete. Bwato lalitali lopyapyala linanyamuka kugombe, munthu mmodzi atakhala kumbuyo kwake ndi chipewa chachikulu, likulowera pakati pa mtsinje mosafulumira. M'foni munkamveka kupuma kwa Mayi Esnat kokha.

Patapita nthawi anayankhula, mawu awo atatsika, osati aja a kutchalitchi.

"Ukudziwa, Chiya, maulendo anga onse a kumudzi akhala a maliro. Bambo, achimwene, kenaka amayi. Ndimatsika ndege n'kufikira kumanda. Sindikukumbuka tsiku limene ndinangokhala pansi kuyang'ana chinthu."

Dzanja la Chiyamiko linali litayamba kulema, foni n'kupendekeka pang'ono.

"Usagwedeze, mwanawe," anatero Mayi Esnat. "Ndione kaye bwatolo lifike."

Chiyamiko anaigwira foni ija ndi manja awiri, zigongono atatsamiritsa pamawondo. Bwatolo linali lisanafike n'pakati pomwe.