Nthambi ya "Zina Zonse"

Mu pulogalamu yathu yoyendetsa mapampu, pampu iliyonse imanyamula chizindikiro cha mtundu wake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nthambi yake mu kodi, malangizo amene timalembera kompyuta. Ukaiwala umodzi, kompaila, mlonda wofufuza zolakwa mu kodi, imakana.

Alamu anga, amene timakhala nawo desiki imodzi, anatopa nako kukanidwako. Analemba nthambi ya "zina zonse" yosachita kanthu, kompaila n'kukhala chete.

Titawonjezera pampu ya sola, inagwera m'nthambi yosachita kanthuyo, osazimanso. Thanki inasefukira m'nyumba mwa kasitomala.

"Alamu, mlonda mwamutseka pakamwa!" ndinakalipa.

"Amalongolola ngati inuyo," anayankha osacheuka.

Ndinafufuta nthambiyo iwo akuona. Zolakwa zinafiiritsa sikirini yonse. Ndinawakankhira kiyibodi, chokolopera n'kuwaikira pamiyendo.

"Sankhani poyambira."