Agatha Avala Ovolosi

Inali 6 koloko m'mawa, ndipo chisanu chochokera ku mtsinje chinali chitakuta Nangongwe. Agatha anali atalonga kale chikwama. Anauza atate ake, a Goodwell Banda, kuti akapanda kupeza nchito sabata imeneyo, apita ku Lusaka kukagulitsa zovala zakale za salaula. Chimwalirireni amayi ake, m'nyumbamo anatsala awiri okha.

A Banda anali kalaliki ku fakitale mpaka pamene makampani a boma anayamba kugulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa nchito. M'masiku awo, wophunzira ankakhala mu ofesi, wolephera sukulu ndiye ankagwira sipanala. Agatha anali ndi satifiketi ya Giredi 12 komanso ya zamagetsi, koma atate ake ankamuveka suti ya malemu amayi ake kuti akapemphe ukalaliki. Ya zamagetsi ankati aisiye kunyumba, kuopa kuti angamuyese wolephera. Kulikonse ankamuyankha kuti malo palibe.

M'mawa umenewo mnansi wawo, a Ennie, amene ankalemba anthu nchito pa chigayo chachikulu chatsopano, anapeza a Banda akusita sutiyo.

"Ba Banda, mwana ayenda kufuna nchito olo ni ku ukwati?"

A Banda sanaseke, koma anawapatsa mpando. A Ennie anafotokoza kuti wolemba nchito amayamba waona nchito imene ilipo. Ikakhala ya mu ofesi amafunsa mapepala a sukulu, koma makalaliki ochotsedwa nchito anali atadzaza tauni. Pa chigayo, mota ikapsa zonse zimaima, choncho kunkafunika munthu wa satifiketi ya luso, ndipo ankamuyesa manja pomwepo. Giredi 12 nayo inali ndi phindu, chifukwa imaonetsa kuti munthu angathe kuwerenga mapulani ndi kulemba lipoti.

"Mailo tiyesa ba malaiti," anatero a Ennie, kutanthauza kuti mawa lake ayesa anthu a zamagetsi. "Anyamule mapepa yonse. Na ovolosi."

A Banda anapachika sutiyo, n'kutenga ovolosi ya Agatha n'kuyamba kuisita.

"Atate, ovolosi sibaika mzere monga thalauzi ya ku chechi," anaseka Agatha.

Iwo anaikabe mzerewo.

Tsiku lotsatira, kapitawo wa pa chigayo anayang'ana masatifiketi onse, kenako anapatsa Agatha mota kuti alumikize. Masana Agatha anabwera ali ndi girizi pamkono.

"Niyamba pa Mande, Atate."

"Chabwino," anatero a Banda. Anatenga chikwama chija, n'kuchibwezera pamwamba pa wadilopu.

Satifiketi ya luso si chizindikiro cha kulephera, ndipo ya sukulu siitha mphamvu. Pofuna nchito, yambani mwafunsa chimene nchitoyo ifuna, nyamulani mapepala anu onse, ndipo konzekani kuonetsa zimene manja anu adziwa.

Dzuwa litapendeka, a Banda anatenga ndowa n'kupita kuseri kwa nyumba kukathirira repu.