Lipenga Linali Litalira Kale

Achimwene ake a Namfedwa anali atangoti ayambe kukokolola makhadi patebulo pamene dzanja linawagwira pamkono. Linali dzanja lamanzere la bambo awo, lokhalo limene sitiroko inawasiyira, ndipo linafinya mpaka lamba wa wotchi analowa m'mnofu.

"Bambo, tayani! Mukundipweteka!"

Mdalayo sanataye. Namfedwa, amene anali pakhomo atanyamula mulu wa malaya a mwamuna wake, anangoyang'ana dzanjalo. Dzina limeneli linali lachilendo kwa iye. Anthu anamupatsa sabata yomweyo, mwamuna wake, Kalipentala, atagwa m'chishedi chake kuseri kwa nyumba, macheka ali m'manja, osadzukanso. Chidwalire bambo ake, anali asanawaonepo akugwira chinthu mwamphamvu chonchi. Ngakhale supuni imene inkawapulumuka.

"Waona zimene ndimanena?" anatero achimwene, akuyesa kukanula zalazo. "Lero andigwira ine, mawa agwira ketulo ya moto. Alamu ndi amene ankawayang'anira masana. Iwe umachoka mamawa kupita kuntchito yako ya patili kusitolo, kubwera dzuwa litapendeka. Aziwatembenuza ndani?"

Kunja galimoto inali ikudikira, chikwama cha bambo chili kale m'buti. Achimwene, munthu wa kampani ya inshulansi amene sankachedwa kupeza njira, anali atawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba, kutsidya kwa tauni. Ankati kumeneko kuli anamwino, ndipo mdalayo sadzazindikira n'komwe kuti asamuka, poti kwa iwo khoma ndi khoma. Namfedwa anali atavomera. Tisamunamizire kuti anakakamizidwa. Nayenso ankakhulupirira kuti mutu wa bambo ake unapita kalekale limodzi ndi mawu awo, moti ankayankhula pamaso pawo ngati mmene munthu amayankhulira pafupi ndi kabati. Tsiku limene anachokera kuchipatala atasiya mwamuna wake wophimbidwa nsalu, anadzigwetsa pansi pafupi ndi njinga yawo ya olumala n'kulira kuti, "Imfa yasokera khomo! Yasiya bwanji mtembo wopumawu n'kunditengera munthu wanga?"

Patebulo zinthu zinali mmene Kalipentala anazisiyira. Makhadi a zithunzi za zilombo ndi asilikali, lililonse m'kapulasitiki kake, timalemba tating'ono pansi pa chithunzi. Ena anali atayalidwa pakati, ena m'timilu m'mbali. Mbali iliyonse kunali kathabwa kopala bwino, kokhala ndi mpata woimikamo makhadi. Ka Kalipentala kanali kakadali ndi makhadi ake, atayang'ana mpando wopanda munthu, pambali pa kapu yomwe tiyi anali ataumiramo.

"Bambo wamkulu ndevu pepeya, kumasewera ndi zithunzi," anang'ung'udza achimwene. "Ka bambo kathabwaka ndikumvetsa. Nanga kachiwirika n'kachiyani? Alamu manja anali nawo onse."

Namfedwa ankaona ngati mwamuna wake amangowasangalatsa apongozi ake, monga umapatsira mwana zitsekerero za mabotolo kuti asalire. Kangati Kalipentala ankamuchingamira pakhomo akuti, "Lero madala andikwapula, sindinaone n'komwe kumene chachokera," iye n'kuyankha akuvula nsapato, "Inu, ndatopa. Za zidole zanuzo muzikauza anzanu."

Kunja kunamveka njinga yamoto, kenako kugogoda. Analowa mtsikana wamtali, wa magalasi ochindikala, chipewa cha njinga chili m'khwapa. Anapereka moni mwaulemu, anapepesa maliro, n'kufotokoza kuti ali ndi kashopu kogulitsa makhadi amenewa pafupi ndi depoti ya mabasi. Osewera onse ankamutchula kuti Jaji, chifukwa akakangana pa lamulo ankathamangira kwa iye. Za imfayi anali atangomva dzulo lake.

Maso ake atagwera patebulo, anaiwala za ulemu. "Simunasokoneze? Chonde, musakhudze!"

"Mayi, pano pali maliro," anatero achimwene, mkono wawo ukadali m'ndende.

"Ndikudziwa, bambo, pepani. Koma m'mawa wa tsiku limene anamwalira, malemu ananditumizira chithunzi cha tebulo ili ndi funso. Ine ndinatanganidwa ndi makasitomala, ndinayankha masana. Yankho langa sanaliwerenge. Landisowetsa mtendere. Ndati bola ndibwere nalo pakamwa, poti amene ankatsutsana nawo alipo."

"Ankatsutsana ndi ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndi agogowa."

Achimwene anaseka, kuseka kouma kopanda mano. Jaji sanawalabadire. Anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi mdalayo.

"A Njati, mwandizindikira? Ndine uja wa pafoni."

Mdalayo anataya mkono wa mwana wawo. Anatsitsa dzanja patebulo, n'kugogoda ndi chala. Kamodzi.

"Kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi," anatero Jaji, akutembenukira kwa Namfedwa. Ataona nkhope yake, mawu ake anatsika. "Simumadziwa?"

Malaya aja anapulumuka m'manja mwa Namfedwa n'kumwazika pansi. Palibe anawatola.

"Ndikufotokozereni pang'ono kuti mumve mkangano wake," anatero Jaji, akuloza popanda kukhudza. "Ili ndi khadi la agogo, Mlonda wa Pachipata. Mlonda ali ndi lipenga. Akaliliza, amaitana khadi limodzi kuchokera kumanda." Anadzigwira pakamwa. "Pepani. Ndi mmene timatchulira kamulu aka ka makhadi ophedwa. Ndiye agogo analiza lipenga kuitana Njati Yachitsulo, khadi lawo lokondedwa limene tinawatchulira dzina, lomwe linaphedwa poyamba. Nthawi yomweyo malemu anaponya ili, Mphezi, kukantha Mlonda. Iwo ankati Mlonda wafa, ndiye kuitana kwathera pomwepo. Agogo anakana. Gemu inaima pamenepo, malemu n'kupita kukacheka matabwa podikira ine."

"Ndiye wolondola ndani?" Namfedwa anadzimva akufunsa, mawu ake ngati a munthu wina.

Jaji anatulutsa foni, koma anaiika patebulo chozondotsa. "Musamvere ine kaye. A Njati, tationetsani mmene mukuonera inu."

Dzanja lija linanyamuka. Linkachedwa, koma silinasokere. Linakankha Mphezi kupita kukamulu ka Kalipentala. Linatenga Mlonda n'kumugoneka pamwamba pa manda a mdalayo. Kenako chala chinafukula m'kamulu komweko, kudutsa khadi ili ndi ilo, mpaka chinasolola chithunzi cha njati ya nyanga zonyezimira n'kuchiyala pakati pa tebulo.

Jaji anatembenuza foni n'kuipereka kwa achimwene. Iwo anawerenga mokweza, mawu akuzilala pamene ankafika kumapeto: "Mphezi igwe kaye, Mlonda afe. Koma lipenga lalira kale, kupha woliza sikubweza kulira. Njati ibwere."

Kunja dalaivala anayesa hutala kamodzi, mwamanyazi.

"Ayi," anatero achimwene, akupukuta thukuta pamphumi. "Ayi, zimenezi n'zozolowera. Alamu anawabwerezetsa mpaka dzanja linaloweza. Dzanja limakumbuka, mutu ulibe kanthu. Dokotala ananena yekha."

"Dokotala anati mwina," anatero Namfedwa chapansipansi. Anali asanakumbukirepo mawu amenewo mpaka pamenepa.

"Chabwino, tiyese china chimene sanaloweze." Achimwene anawerama patebulo, munthu wozolowera kupeza pobowoka m'malamulo a ena. "Mwati lipenga limaitana khadi la kumanda. Mlondayu panopa ali kuti? Kumanda. Ndiye adziitane yekha, adzalizenso kachiwiri. Si nzeru imeneyo? Eti, Bambo? Tengani Mlonda wanu." Anabweza Njati m'kamulu, n'kuika Mlonda pakati.

Chala chinamenya tebulo kawiri, mwamphamvu moti kapu ija inadumpha. Mdalayo anayang'ana mwana wawo ndi diso lija limene ankamuyang'ana nalo ali wamng'ono akabwera ndi bodza lochokera kusukulu. Anatulutsanso Njati. Anatenga Mlonda n'kumubwezera kumanda.

"Akunena zoona," anatero Jaji. "Ambiri amagwa pamenepa, ngakhale akatswiri. Woitanidwa amasankhidwa nthawi yoliza, ndipo nthawi imeneyo Mlonda anali akadali moyo. Woliza lipenga amadzutsa mnzake. Sangadzidzutse yekha."

Chala cha mdalayo sichinachoke pa Mlonda. Chinakhala pomwepo, chikusisita kapulasitiki, maso awo ali pampando wopanda munthu uja. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope, n'kulowa m'kolala ya juzi imene anawaveka ya paulendo.

Achimwene anakhala pansi osayang'ana pokhala, n'kuphwanya katoni imene anabwera nayo.

"Bambo, mumandimva?"

Kamodzi.

"Zonse? Zonse zimene timakamba muno?"

Kamodzi.

Achimwene anavula magalasi awo, anawavalanso. "Kumene tikukupititsani kuja, mukufuna kupita?"

Kawiri. Kenako, patapita kamphindi, kawirinso.

Mantha amene anamugwira Namfedwa anali oposa a tsiku limene anamuimbira foni kuti athamangire kuchipatala, chifukwa tsiku lija tsoka linachokera kunja, koma leroli linali m'kamwa mwake momwe. Anagwada pafupi ndi njinga ija, pamalo omwe aja anagwa akulira.

"Bambo," anatero, "tsiku lija nditabwera kuchipatala, zimene ndinanena pano, munazimva?"

Chala chinachedwa m'mwamba. Chinatsika pang'onopang'ono, n'kukhudza thabwa mopanda phokoso. Kamodzi.

Namfedwa anabisa nkhope pamaondo a bambo ake. Analira kulira kwina, kosiyana ndi kwa pamaliro, kwa manyazi. "Ndikhululukireni, Bambo. Ndikhululukireni." Mdalayo sanagogode kamodzi, sanagogode kawiri. Funso limenelo silinali la chala. Anangoika dzanja pamutu pa mwana wawo, kulisiya pamenepo mpaka mapewa ake atasiya kugwedezeka.

Atadzuka, Namfedwa anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Achimwene, katsitseni chikwama chija."

"Nanga masana, chemwali? Vuto lija silinathe. Ukapita kuntchito atsala ndi ndani?"

"Sindikudziwa. Tikambirana." Anayang'ana bambo ake. "Eni ake ali pompano. Tiwafunsa."

Achimwene anatuluka. Panamveka buti ikutsekulidwa.

Mdalayo anali akuloza mpando wa Kalipentala. Namfedwa anayang'ana Jaji.

"Gemu sinathe," anatero mtsikanayo. "Njati yabwera, tsopano ndi nthawi ya malemu kuponya. Khalani, mayi, ndikuuzani pochita. Koma ndikuchenjezeni, agogowa sanyengerera munthu. Malemu anayesapo kamodzi kuwagonjera dala, iwo anakwiya, anakana kusewera mpaka atapepesa."

Namfedwa anakoka mpando uja. Unali ukadali ndi utuchi m'mikwingwirima. Pakathabwa panali makhadi amene mwamuna wake anawayang'ana komaliza, atasanjidwa mwaudongo monga ankasanjira misomali yake. Anatambasula manja onse awiri kuti awatenge.

Bambo ake anamugwira dzanja lamanja. Sanafinye ngati mmene anachitira ndi achimwene. Analikankha pang'onopang'ono mpaka linafika m'mphepete mwa tebulo, n'kugwera pamiyendo pake. Kenako analoza kathabwa kachiwiri kaja.

Apo m'pamene Namfedwa anakumbukira. Kalipentala akumanga mabatani a malaya ndi dzanja lamanzere lokha, lilime lili panja. Kalipentala akutayira tiyi pansalu ya patebulo, iye n'kumukalipira kuti, "Kodi dzanja linalo mwabwereketsa?" Mwamunayo ankangoseka, n'kunena kuti akuphunzira.

"Ankalikhalira," anatero Jaji motsitsa mawu. "Pafoni ndinkaona. Ankati patebulo ili aliyense amabwera ndi dzanja limodzi."

Namfedwa anadzutsa thupi pang'ono, analowetsa dzanja lamanja pansi pa ntchafu, n'kulikhalira. Ndi lamanzere anasolola khadi pakathabwa. Linamupulumuka, linagwera pansi pa tebulo. Anawerama, analitola movutikira, n'kuliyala pakati chozondoka.

Bambo ake sanamuthandize. Anadikira mpaka atalitembenuza yekha, kenako anagogoda kamodzi.