Dzina la Gijsbert m'Manja mwa Eni

Gijsbert anagula kwa munthu wina ufulu wokhala m'nyumba ya pa chilumba chofunda cha Tenerife sabata imodzi chaka chilichonse, mu Febuluwale, kuti azithawa chisanu cha kwawo ku Holland. Mkhalapakati wa malondawo anamupatsa kalata yoti asaine, yololeza mkhalapakatiyo kuti azimusainira chilichonse.

"Musavutike n'kubweranso kuno, bambo," anatero.

Gijsbert anasaina osawerenga, poopa kusiyidwa ndi ndege.

Mapepala atamufika ku Holland, anapeza kuti mkhalapakati uja wasinthanitsa sabatayo ndi ya mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, ndipo zonse zinali mwalamulo, m'dzina lake.

Febuluwale atakwana, Gijsbert anangokhala pawindo, akuyang'ana mvula yozizira. Mkazi wake Femke anamuikira khofi pambali.

"Njinga yako yakuthayo umaikiya ndi maloko awiri," anatero motsitsa mawu, "koma dzina lako unalisiya pamsewu."