Palibe Chasweka

Ntchito yanga ndi yolongedza katundu m'makatoni: magalasi, mbale zadothi, mababu. Ndikamaliza ndimamata kapepala kofiira kolembedwa kuti FRÁGIL, poti katundu wathu amapita kumayiko olankhula Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Ndamata timapepalati mpaka imvi mbuu, osafunsako n'komwe kuti mawuwo anachokera kuti.

Anandimasulira ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, atayamba kuphunzira Chipwitikizi kuti akagwire ntchito yaunamwino kunja.

"Amatanthauza chinthu chosachedwa kusweka, bambo. Anachokera ku mawu a Chilatini akuti fragilis, ndipo tsinde lake ndi frangere, kuswa."

"Ndiye ukundisiya ine kupita kwa anthu oswa zinthu?"

Iye anaseka, ine ayi. Nkhawa yanga inali yoti akapita, mawu ake ndiziwamva mwa apo ndi apo. Mwanayu anatengera ine kuuma pakamwa. Popanda nkhani yogwirika, foni saimba.

Atanyamuka, m'nyumba munangoti zii, ndipo ndinamusowa kwambiri. Tsiku lina ndinatsitsa makapu a malemu mayi ake m'kabati kuti ndimutumizire. Ndinakawalongedza kuntchito pa nthawi yopuma, kapu iliyonse m'pepala lakelake, mipata yonse n'kutseka. Kenako ndinagwedeza katoniyo pafupi ndi khutu monga timachitira. Simunamveke kanthu.

"Madala, mukutumiza mazira kodi?" anandiseka mnzanga woyendetsa galimoto. Amalongolola ameneyo.

Ndinayamba kudikira. Ndikaweruka, foni patebulo, ine pampando, wailesi yozimitsa kuopa kuti foniyo ingalire ine osamva.

Inalira Lamlungu masana ndikuchapa malaya.

"Bambo, katoni ija yafika. Palibe chasweka, ngakhale kamng'alu. Zikomo."

"Wamweramo kale tiyi?"

"Ayi, ndikuchedwa kuntchito. Tilankhulana."

Foni n'kuduka. Ndinaima pakhomo la bafa, thovu lili chuchuchu m'zigongono, ndipo ndinapsa mtima. Sindinakwiyire iye ayi, ndinakwiyira manja angawa. Ikanasweka kapu imodzi yokha, bwenzi atandikalipira, ine n'kukanitsitsa kuti olakwa ndi onyamula katundu, iye n'kulira pokumbukira mayi ake, ine n'kulonjeza kuti ndisakasaka ina yofanana nayo. Ikanakhala nkhani ya mwezi wathunthu imeneyo.

Koma ine ntchito yanga ndimaitha, ndiye mwana wanga alibenso choimbira.