Msana wa Wagdi pa Chikuto cha Magazini

Wagdi anali ndi msana woti anthu ankasiya tiyi kuti auone. Tikamachita masewera ogwetsana ku kalabu yathu ya ku Anfushi, mu Alexandria, asodzi ankasuzumira pawindo kudikira nthawi imene iye anyamule munthu n'kumuponya pansi. Woponyedwayo kawirikawiri ndinkakhala ine, Bahgat, mnzake wophunzira naye kuyambira tili anyamata.

Ndinkadziwanso chinthu chimene Kapiteni Sobhi, mphunzitsi wathu, sankachidziwa. Chilimwe chapitacho Wagdi ananama kuti akukadwazika mayi ake kumudzi, pamene ankapita kuchipatala. Anamung'amba m'munsi mwa msana chifukwa fupa linkapana mtsempha. Akuluakulu a bungwe la masewerawa akanamva, akanamuchotsa pagulu lopita ku mpikisano wa mayiko a mu Africa. Choncho anasiya kusamba ku kalabu. Chovala chogwetsanirana chinkabisa chipseracho, ndipo ululu ankaumeza.

Tsiku lina Kapiteni analowa akumwetulira, chinthu chimene sitinachizolowere.

"Wagdi, magazini ya zamasewera ya ku Cairo ikujambula matupi a ngwazi. Osambira, ankhonya, onyamula zitsulo. Iwe akufuna ukhale pachikuto penipeni. Wopanda malaya."

"A Kapiteni, bwanji atenge Bahgat?"

"Ameneyu? Chimimba ngati mtsuko wophikira nyembachi? Anthu akufuna kugulitsa magazini, osati kuopseza ana."

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Wagdi anangoyang'ana pansi.

Madzulo ndinamuperekeza kwawo. Mkazi wake Shaimaa anatipatsa tiyi, nkhani itamveka anakhala pansi mbale ili m'manja.

"Bambo a Salma, ingokanani basi," anauza mwamuna wake.

"Ndikakana afunsa chifukwa."

"Nenani kuti ine ndakana. Sindifuna akazi a dziko lonse azikuyang'anani."

"Tcheyamani wa bungwe walonjeza kale. Ndikakana andikayikira, ndikavomera aona. Undiuze iweyo kothawira."

Shaimaa anangondiwonjezera shuga amene sindinapemphe.

Kojambulirako kunali m'nyumba yakale yosungiramo thonje pafupi ndi doko. Munali fungo la fumbi ndi mchere, mawindo onse atatsekedwa ndi nsalu zakuda. Wojambula anali mayi wamfupi wovala nsapato zachimuna, dzina lake Nermin. Ankalankhula mofulumira, koma mwaulemu.

"A ngwazi, musachite manyazi. Thupi limeneli mwalimanga ndi thukuta, ine ntchito yanga ndi kungolionetsa. Vulani malaya."

Wagdi anavula atatsamira khoma. Mafuta anadzola yekha, pachifuwa ndi m'mikono, kumbuyo anakana kuti wina amugwire. Magetsi atayaka anaoneka ngati wosemedwa pa mwala. Nermin anajambula manja ake, khosi, ngakhale makutu opindikapindika aja amene tonse ogwetsana tili nawo. Ankangoti, "Eya! Musasunthe. Pumani pang'ono." Kapiteni anakhala pa bokosi akuwerenga mikanda yake ya pemphero, wonyada ngati bambo a mkwati.

Kenako Nermin anati, "Tsopano tembenukani. Ndamva kuti msana wanu ndiye nkhani."

Wagdi sanasunthe.

"Kutsogolo kwakwana, mayi."

"Sikunakwane. Ndachokera ku Cairo chifukwa cha msanawo."

Ine ndinayesa kulowererapo. Ndinati munthuyu watopa, sanamwe madzi kuyambira m'mawa, magetsi akumuwotcha. Palibe anandimvera. Wagdi anayang'ana chitseko, koma pakati pa iye ndi chitsekocho panali kamera, zingwe za magetsi, ndi Kapiteni amene anali ataimirira kale.

"Iwe, wayamba liti manyazi? Ndiwe mkwatibwi?" anakalipa Kapiteni.

Mkuluyo anali wokalamba, koma manja ake sanaiwale ntchito. Anamugwira paphewa n'kumuzungulitsa kamodzi kokha. Chipsera chija chinaonekera poyera, chofiirira, chotupa, chikunyezimira ndi thukuta pamwamba pa lamba wa kabudula.

Kapiteni anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachikhudza ndi chala.

"Amenewa ndiwo mayi ako odwala aja?"

Wagdi sanatembenuke. Nermin ndiye analankhula, motsitsa mawu.

"Ndikhoza kuchifufuta pa kompyuta. Palibe adzadziwe."

"Fufutani, chonde," anatero Wagdi, nkhope ili kukhoma. Anatambasula mikono monga anamuuzira, kamera n'kulira.

Pobwerera, mu minibasi, titadutsa msika wa nsomba, Kapiteni anatembenukira kwa Wagdi.

"Mawa tikaonana ndi dokotala wa bungwe."

"A Kapiteni, mayi aja ati afufuta."

"Afufuta papepala. M'maso mwangamu afufuta ndani? Ukakathyoka pamatiresi ogwetsaniranapo n'kufa miyendo, Shaimaa ndikamuuza kuti chiyani? Kuti ndinaona koma ndinkafuna mendulo?"

Dokotala anamuletsa kugwetsana, mwina chaka, mwina mpaka kalekale. A bungwe sanafune manyazi, ndiye anangolengeza kuti Wagdi akupumula pang'ono. Anamuchenjezanso kuti asalankhule ndi atolankhani ngati akufuna kudzabwereranso.

Magazini inatuluka mwezi wotsatira. Pachikuto panali msana wosalala, waukulu ngati chitseko, wopanda kachilema ngakhale kamodzi. Anthu a ku Anfushi anapenga nacho chithunzicho. Anachimata kometera tsitsi, m'nyumba zomwera khofi, ngakhale pagalasi la basi. Wagdi akangotuluka kukagula buledi, amuna ankamumenya kumsana mwachikondi, pamalo penipeni paja.

"Ngwazi yathu! Golide uja tikudikira!"

Iye ankamwetulira, mano atalumana. Anaimbira foni Nermin kumupempha kuti atulutse chithunzi chenicheni, anthu amusiye. Mayiyo anapepesa kwambiri. Anati iye anachikonda chenichenicho kuposa chofufutacho, koma mkonzi wakana, ndiponso a bungwe sangalole.

Ku mpikisano ndinapita ine m'malo mwake. Ndinagwetsedwa tsiku loyamba ndi mnyamata wa ku Algeria. Nditabwerako ndinapeza Wagdi wasiya kutuluka m'nyumba. Shaimaa anandinong'oneza pakhomo kuti, "Achimwene, atengeni akapitidwe mphepo. Akungokhala pakhonde ngati nkhunda ya m'khola."

Tinayenda m'mbali mwa nyanja Lachisanu masana, anthu atatuluka mu mzikiti. Sitinafike patali. Bambo wina wonenepa, ali ndi ana ake, anatiimitsa foni ili m'manja.

"Si inu a pamagazini aja? Mulungu akudalitseni! Tatembenukani tijambule msanawo, kuntchito akandikhulupirire."

Ndinafuna kumuthamangitsa, koma Wagdi anandigwira dzanja. Anatembenuka n'kukweza malaya mpaka m'mapewa. Bamboyo anayang'ana chipseracho, anayang'ananso nkhope ya Wagdi, foni n'kuitsitsa.

"Pepani, akulu. Ndakufananitsani ndi munthu wina."

Anakoka ana ake n'kumapita. Wagdi anatsitsa malaya pang'onopang'ono, chifukwa kukweza mikono kunkamupwetekabe. Tinakhala pakhoma la m'mbali mwa nyanja, iye chammbali kuti asatsamire.

"Bahgat, m'bale wanga, mnyamata wa ku Algeria uja anakugwira bwanji?"

Ndinamufotokozera. Anapukusa mutu.

"Unatsogoza mwendo wakumanja. Ndakhala ndikukuuza."

"Ubwere Lolemba udzandionetse."

"Kapiteni sandilola kuponda pamatiresi."

"Ukhala pabenchi, uzidzakalipa."

Sanavomere, sanakane. Anati ali ndi njala, ndiye tinawoloka msewu kukagula buledi wa chiwindi chokazinga ndi tsabola.