Gulu la Ovala Zoyera M'chipinda cha Sikani

Ndinali nditatopa ndi mabenchi a chipatala. Mwana wanga wamkazi, khanda losayamba n'kukwawa komwe, anali ndi chotupa pachiwindi, ndipo aliyense ankangomugwira pamimba n'kutitumiza khomo lina. Funso langa linali limodzi basi: ndi khansa kapena ayi?

Tsiku la sikani anatiuza kuti mwana asayamwe kufikira atamujambula. Kauzeni khanda zimenezo muone! Polowa m'chipinda cha makina anali atalira mpaka kusasa mawu, ine mkaka ukunyowetsa bulauzi.

Wojambulayo anali mayi wosalankhulalankhula. Anapaka mafuta ozizira pamimba pa mwana n'kumayendetsa kachipangizo m'munsi mwa nthiti. Pa sikirini ine ndinkangoona mitambo yotuwa. Kenako anadina batani, ndipo pamalo pena panatuluka mitundu yofiira ndi yabuluu.

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero uku akutuluka.

Anabwera ndi dokotala wa imvi. Dokotalayo atayang'ana anakodola wina pakhomo, winayo n'kuitana anzake. Posakhalitsa chipinda chinadzaza ndi achinyamata ovala zoyera, akusuzumira pamapewa pa anzawo ndi kunong'onezana. Anthu saunjikana choncho chifukwa cha chimfine. Tsiku lomwe bambo anga ankamwalira, anawazungulira chomwechi.

"Adokotala, ingondiuzani," ndinatero. "Ndiwaitane bambo ake adzatsanzikane naye?"

Dokotalayo anacheuka ngati wangozindikira kumene kuti mwanayu ali ndi mayi.

"Pepani, mayi, kodi sitinakuuzeni? Si khansa ayi. Ndi timitsempha ta magazi tomwe tapiringizana pamalo amodzi. Nthawi zambiri chotupa chotere chimaphwa chokha mwana akamakula, ife tizingomujambula nthawi ndi nthawi. Awa ndi ophunzira. Chooneka bwino chonchi sichipezekapezeka, ndiye ndimati aone."

Chooneka bwino! Ndinafuna kusangalala, koma mphamvu zake ndinalibe. Zimene zinatsala zinali za mkwiyo zokha.

"Mwaona nonse?" ndinafunsa. Anagwedeza mitu. "Ndiye tulukani, mwana ayamwe."

Anatuluka mmodzimmodzi, dokotala wa imvi uja pambuyo. Wojambula uja anandikokera mpando wake womwe. Ndinamuika mwana kubere mimba ikadali noninoni ndi mafuta aja, ndipo nditamva akumeza m'pamene misozi inayamba kutsika.